Khosi limodzi silingaimbe chimbale chonse cha Blind Guardian

Ndatopa ndi achinyamata obwera kwa ine mawu atasasa kale, foni ili m'manja, n'kumati: "Aphunzitsi, ndithandizeni ndiziimba ngati uyu." Amene akumulozayo nthawi zambiri amakhala Hansi Kürsch wa gulu la Blind Guardian la ku Krefeld, ku Germany, kapena Fabio Lione yemwe ankaimbira gulu la Rhapsody la ku Trieste, ku Italy. Ntchito yanga ndi yophunzitsa kuimba, ndipo nyimbo za magulu amenewa, zotchedwa power metal, sindidana nazo, inenso ndimazimvera. Chimene chimandiwawa n'choti anyamatawa sadziwa kuti zimene akumvazo sizinatuluke pakhosi pa munthu mmodzi nthawi imodzi.

Tengani chimbale cha Nightfall in Middle-Earth, chomwe Blind Guardian inatulutsa mu 1998. Nkhani yake inachokera m'buku la J.R.R. Tolkien lotchedwa The Silmarillion, lomwe linasindikizidwa mu 1977, mwiniwake atamwalira kale mu 1973. Chimbale chonsecho ndi nthano imodzi: miyala itatu yowala yabedwa, Fëanor amene anaipanga walumbira kuti aibweza zivute zitani, ndipo lumbirolo likuthetsa mtundu wake. Chili ndi zigawo 22, koma pafupifupi theka ndi tizigawo tatifupi tolumikiza nkhani, tina tongolankhula chabe. Mukafika pa kolasi mumamva ngati khamu la asilikali likuimba. Khamu kulibe. Ndi Kürsch yemweyo atajambulidwa mobwerezabwereza, mawu ena pamwamba, ena pansi, kuphatikizapo amuna ochepa omuthandizira, kenaka zonse n'kusanjikizidwa. Mu situdiyo munthu amaimba mzere umodzi, n'kupuma, n'kumwa madzi, n'kubwereza mpaka wojambula atapeza wabwino. Pa siteji, makolasi ambiri Kürsch amawasiyira anthu odzaonerera, ndipo palibe amene amati walephera.

Nthano yotere imakhala ndi anthu ambiri, mfumu, mfiti, mneneri, wofotokoza nkhani, ndiye eni nyimbozi amagawana ntchito. Tobias Sammet popanga chimbale cha The Metal Opera cha gulu lake la Avantasia mu 2001 anapatsa munthu aliyense wa m'nthanoyo woimba wakewake, mmodzi mwa iwo Michael Kiske. A Rhapsody anayala nthano yolembedwa ndi woimba gitala wawo, Luca Turilli, pa zimbale zisanu kuyambira 1997 mpaka 2002, ndipo atayamba nthano yachiwiri mu 2004 anaitana Christopher Lee, katswiri wa m'mafilimu, kuti adzakhale wofotokoza. Roy Khan, yemwe anaimba nthano ya Faust pa zimbale ziwiri za gulu la Kamelot mu 2003 ndi 2005, anali atayamba waphunzira kaimbidwe ka opera. Ndiye mnyamata wa m'kwaya, yemwe sanaphunzitsidwepo ngakhale kapumidwe, akufuna kuchita yekha ntchito ya anthu onsewa m'chipinda chake usiku umodzi.

M'kholingo muli timinofu tiwiri, kwa mwamuna kutalika kwake masentimita awiri kapena kupitirira pang'ono. Mukamalankhula timagundana maulendo oposa 100 pa sekondi iliyonse. Mukakwera kufika pa noti ya C yapamwamba ya tenala, komwe oimba a nyimbozi amakonda kukhala, timagundana maulendo 523 pa sekondi. Wodziwa kuimba amalola timinofuti kutalika ndi kupyapyala, ndipo mphamvu ya mawu amaipeza pa mpweya ndi pa mmene watsegulira m'kamwa. Zotsalazo amasiyira mayikolofoni. Wosadziwa amakwera ndi mawu olankhulira omwewo, akufinya khosi, mitsempha ili tototo. Pogundanapo pamatupa, ndipo mukapitiriza pamalimba ngati mmene chikhatho chimalimbira ndi mpini wa khasu. Chizindikiro choyamba si kupweteka ayi. Mawu apamwamba oimba motsitsa ndi amene amayamba kusowa: mukayesa, pamatuluka mpweya wokhawokha.

Mnyamata wina samandichoka m'mutu. Anali tenala wa kwaya ya kutchalitchi kwawo, mawu oyera osowa. Anaganiza zojambula yekha nyimbo za pa Nightfall kuti aziike pa YouTube, mbali zonse yekha, mahedifoni atawakweza mpaka osadzimva, ndiye ankakuwa kuti adzimve. Usiku wina ali pakati pa noti yapamwamba mawu anangoti zii, ngati wina wazimitsa. Mawu akatha mwadzidzidzi chonchi munthu akuimba mwamphamvu, nthawi zambiri ndiye kuti kamtsempha kaphulika ndipo magazi alowa m'kamnofu. Chofunika n'kukhala chete kotheratu ndi kukaonedwa msanga. Iye anapita kwa wotsogolera kwaya, yemwe anamuuza kuti ndi chimfine chabe, amwe jinja, Loweruka kuli ukwati. Munthu wina wogulitsa mankhwala anamupatsa timapiritsi "totsegula mawu". Anali a steroid, mankhwala ochepetsa kutupa. Kutupa kunaphwa, mawu anabwerako pang'ono, anaimba pa ukwatiwo kuyambira m'tchalitchi mpaka kumadyerero. Pofika kwa dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi patatha miyezi, pa kamnofu kamodzi panali patamera chotupa chofunika opaleshoni. Amalankhula bwinobwino tsopano, amaimbanso, koma mawu apamwamba aja sanabwerere onse. Wotsogolera kwayayo sanali munthu woipa, ankangofuna kuti ukwati ukome, ndipo mpaka lero sakhulupirira kuti analakwa.

Mankhwala a steroid monga prednisolone ndi dexamethasone madokotala amaperekadi kwa oimba nthawi zina, koma atayang'ana kaye m'kholingo. Kumwa osaonedwa n'kubisa bala kenaka n'kumaliponda. Maantibayotiki nawo anthu amangowameza, chonsecho kusasa mawu kochokera ku kukuwa kapena ku chimfine sikumva mankhwala amenewa.

Za uchi, jinja, mandimu, adyo ndi dzira laliwisi ndanena mpaka lilime kuuma. Chimene mwameza chimadutsa kummero kupita m'mimba, sichikhudza timinofu ta mawu. Chikanakhudza, bwenzi mutatsamwa. Uchi umafewetsa pakhosi, imwani ngati mumaukonda, koma sunachizepo chotupa. Kachasu ndi mowa wina "wotenthetsa mawu" umangoumitsa khosi ndi kukuiwalitsani kuti mukudzivulaza. Kunong'ona si kupumitsa mawu, ambiri akamanong'ona amafinya khosi kuposa polankhula. Ndipo samalani ndi aphunzitsi a pa TikTok olonjeza kuti pakatha sabata mudzakhala mukufika pamene amafika Kiske. Wina aliyense wokuuzani kuti kupweteka ndi chizindikiro choti mawu akukula, musamupatsenso ndalama yanu. Kuimba koyenera kumatopetsa thupi, koma sikupweteka pakhosi.

Mawu akasasa kupitirira masabata atatu kapena anayi, pitani kuchipatala mukapemphe kuti akutumizeni kwa dokotala woyang'ana m'kholingo ndi kakamera kodzera m'mphuno. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Madokotala amenewa ndi ochepa m'mayiko mwathu muno ndipo mzere wake ndi wautali, choncho kalata yokutumizani pemphani msanga, musadikire kuti mwina mawa zisintha. Musafulumirenso kunamizira nyimbo. Chifuwa chachikulu chimatha kugwira kholingo, asidi wokwera kuchokera m'mimba amasasitsa mawu, ndipo kwa osuta fodya kusasa kosatha ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyamba za khansa ya kholingo. Ngati mukulavula magazi, mukuvutika kumeza kapena kupuma, mukuonda, kapena pakhosi patuluka chotupa, masabata aja musawawerenge n'komwe, pitani lero.

Amene khosi lake lili bwino ndipo akufunabe kuimba nyimbozi, atsitse kiyi, asankhe mbali imodzi, makolasi aitanire anzake a m'kwaya, ndipo hedifoni imodzi aichotse kukhutu kuti azidzimva.