Pangano la mu 1638 ndi Mkangano wa Mabishopu ku Scotland

Ulamuliro wa akulu a mpingo umene timauona m'masinodi a CCAP unabwera ndi amishoni a ku Scotland amene anakhazikitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, koma kwawoko dongosololi linakhazikika patapita zaka zoposa zana za mikangano ndi nkhondo. Gwero la mkanganowo linali funso lakuti ndani ali ndi mphamvu yoika atsogoleri a mpingo ndi kulamula kapembedzedwe, mfumu kapena mpingo weniweniwo.

Mu 1560 nyumba ya malamulo ya Scotland inathetsa ulamuliro wa Papa m'dzikomo, motsogozedwa ndi alaliki monga John Knox, koma nkhani ya mabishopu inasiyidwa m'malere. Andrew Melville ndiye anadzalimbikitsa chiphunzitso chakuti abusa onse ndi ofanana, ndipo mu 1596 anauza Mfumu James VI pamaso kuti mu ufumu wa Khristu iye sanali mutu koma membala chabe. James anazindikira kuopsa kwa maganizo amenewa. Bishopu ankaikidwa ndi mfumu ndipo ankakhala m'nyumba ya malamulo, choncho anali dzanja la mfumu mumpingo ndi m'boma momwe, pamene msonkhano wa abusa ndi akulu unalibe munthu mmodzi amene mfumu ikanamugwira pakhosi. Atalowanso ufumu wa England mu 1603, James anabwezeretsa mphamvu za mabishopu pang'onopang'ono, ndipo mu 1618 anakakamiza lamulo lakuti anthu azigwada polandira mgonero, chinthu chimene ambiri anachiona ngati kubwerera ku Misa.

Mwana wake, Charles I, analibe kuchenjera kwa atate ake. Iye analamula kuti buku latsopano la mapemphero ligwiritsidwe ntchito popanda kufunsa msonkhano waukulu wa mpingo kapena nyumba ya malamulo, ndipo litawerengedwa koyamba m'tchalitchi cha St Giles ku Edinburgh pa 23 Julaye 1637, kunabuka chipolowe. Pa 28 Febuluwale 1638 anthu anayamba kusaina Pangano la Dziko, chikalata cholonjeza kukana zatsopano zimene mfumu inkalowetsa mumpingo, m'tchalitchi cha Greyfriars ku Edinburgh komweko, ndipo makope ake anatumizidwa m'maparishi. Amene analikonza, m'busa Alexander Henderson ndi loya Archibald Johnston, analilemba mosamala kwambiri: linalonjeza kuteteza ulemu wa mfumu, linatchula malamulo akale ambiri a dzikolo, ndipo silinanene poyera kuti mabishopu achotsedwe. Kusamala kumeneku n'kumene kunachititsa kuti eni minda olemera, amalonda ndi alimi wamba, amene madandaulo awo anali osiyana, asaine chikalata chimodzi. Msonkhano waukulu wa ku Glasgow mu Novembala chaka chomwecho ndiwo unachotsa mabishopu onse.

Nkhondo zinatsatira mu 1639 ndi 1640. Asilikali a Pangano atapambana ku Newburn ndi kulanda mzinda wa Newcastle ku England, mfumu inavomera kuwalipira mapaundi 850 tsiku lililonse, ndipo kusowa kwa ndalama kunaikakamiza kuitanitsa nyumba ya malamulo ya England, imene pambuyo pake inadzachita nayo nkhondo.

Sikungakhale kulungama kuwajambula anthu a Pangano ngati omenyera ufulu wa chipembedzo wa aliyense. Mzinda wa Aberdeen unakana Pangano ndipo unaumirizidwa ndi asilikali; asilikali a Pangano atapambana gulu la mfumu ku Philiphaugh mu 1645, anapha akaidi ndi akazi a ku Ireland amene ankatsatira gulu la adani; ndipo mu 1649, pamene mphamvu zawo zinali pachimake, milandu ya ufiti inachuluka kwambiri. Ufulu umene ankaufuna unali wa mpingo wawo wokha.

Charles II, mwana wa Charles I, atabwerera pampando mu 1660, mabishopu anabwezeretsedwa, ndipo abusa pafupifupi 300 anachotsedwa m'maparishi awo. Anthu, makamaka a kumwera chakumadzulo, anayamba kupemphera m'mapiri ndi m'minda, alonda ataimirira patali kuyang'anira asilikali. Ena mwa iwo ataukira boma n'kugonjetsedwa ku Bothwell Bridge mu 1679, akaidi pafupifupi 1,200 anatengedwa kupita ku Edinburgh, ndipo ambiri anatsekeredwa pamtetete pafupi ndi tchalitchi cha Greyfriars.

Chimene chinathetsa nkhaniyi ndi ndale, chifukwa pankhondo anthu a Pangano anali atagonja kale. William wa ku Orange, kalonga wa ku Netherlands, atalanda ufumu kwa James VII, mng'ono wake wa Charles II, mabishopu a ku Scotland anakana kumuvomereza, motero mu 1690 ulamuliro wa akulu a mpingo unakhazikitsidwa mwalamulo, ngakhale kuti Pangano lenilenilo silinabwezeretsedwe, zimene zinakhumudwitsa otsatira ake olimba mtima. Pamene Scotland inkagwirizana ndi England mu 1707, lamulo lapadera loteteza dongosolo la mpingo linaphatikizidwa mu mgwirizanowo, ndipo mpaka lero mfumu iliyonse yatsopano ya Britain imalumbira kuti idzalisunga, monga anachitira Charles III mu 2022.