Chiheberi sichidafe n'kudzaukitsidwa ndi munthu mmodzi

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti Chiheberi chidafa kotheratu Baibulo litatha kulembedwa, mpaka mphunzitsi mmodzi wachiyuda adachiukitsa yekha. Nkhaniyi imakoma m'makutu, koma yatopetsa, ndipo si momwe zidayendera.

N'zoona kuti cha m'ma 200 AD anthu adali atasiya kuchiyankhula pakhomo ndi pamsika. Koma sichidatayidwe. Ana achiyuda ankachiphunzira, mapemphero ankachitika m'Chiheberi, makalata ndi ndakatulo zinkalembedwa momwemo, makamaka ku Spain. M'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, omasulira achiyuda a kum'mwera kwa France adamasulira m'Chiheberi mabuku a Chiarabu a zamankhwala, masamu ndi nzeru zakuya. Mawu akasowa, ankapanga atsopano, ndipo ntchito imeneyi ndi imene ine ndimaona kuti anthu amaiiwala kwambiri. Mu 1856 nyuzipepala ya Chiheberi yotuluka mlungu uliwonse idayamba kusindikizidwa ku Prussia, ufumu wakale wa Ajeremani.

Chimene chidasintha kuyambira m'ma 1880 ku Palestine n'chakuti aphunzitsi ambiri adayamba kuphunzitsa maphunziro onse m'Chiheberi, ana n'kumapita nacho kunyumba. Pofika 1922 chidali chimodzi mwa zinenero zitatu za boma kumeneko. Ena adatchuka pa ntchitoyi, inde, koma sadali okha.

Musanatumizire ena nkhani ngati imeneyi, funsani kuti yachokera kuti. Malaibulale akuluakulu adaika pa intaneti zithunzi za mipukutu ndi mabuku akale a Chiheberi. Onani zaka zimene adalembedwa, muyerekeze ndi zomwe mwauzidwazo.