Fakitale ikasamukira kunja, wogwira ntchito amatsala ndi chiyani?

Mu February 2016, ogwira ntchito pa fakitale ya Carrier mumzinda wa Indianapolis ku America anaitanidwa kumsonkhano. Bwana anaimirira kutsogolo n'kuwauza kuti ntchito yopanga makina otenthetsera m'nyumba ikusamukira ku Monterrey m'dziko la Mexico, ndipo anthu pafupifupi 1,400 ntchito iwathera. Mmodzi anajambula pa foni, kanemayo n'kufalikira dziko lonse. Ambiri amakumbukira mkwiyo wa tsikulo ndi ndale zimene zinatsatira. Ine ntchito yanga ndi yofufuza za kalembedwe ka anthu ntchito, choncho maganizo anga amapita kwa bambo wa zaka 50 amene wakhala pa makina amodzi kuyambira ali mnyamata. Mawa lake adzuka apite kuti?

Kwa zaka 60 boma la America linali ndi yankho lake, ndondomeko yotchedwa Trade Adjustment Assistance, mwachidule TAA. Inayamba mu 1962 pansi pa Pulezidenti John F. Kennedy, pamene dzikolo linkatsitsa msonkho wa katundu wochokera kunja. Ganizo lake ndi losavuta kumva. Msonkho ukatsika, dziko lonse limagula zinthu motchipa, koma mafakitale ena amagwa. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma pa nkhani iyi mvula imagwera aliyense pamene matope amaunjikana pakhomo la anthu ochepa. Boma limene lasankha kutsegula malire liyenera kuwathandiza anthu ochepawo.

Poyamba lamulo linali lothina kwambiri moti mpaka 1969 panalibe gulu la antchito ngakhale limodzi limene linavomerezedwa. Linafewetsedwa mu 1974.

Kayendetsedwe kake kanali kotere. Antchito, ngakhale atatu okha, kapena bungwe lawo, ankalemba pempho ku unduna wa za ntchito. Wofufuza ankaona ngati zoonadi ntchitozo zatha chifukwa cha katundu wakunja kapena kusamuka kwa kampani. Akavomereza, munthu ankalipiriridwa sukulu yophunzira luso lina, monga unamwino, kuwotcherera kapena kuyendetsa magalimoto akuluakulu. Ankalandiranso ndalama sabata iliyonse, ndipo kuphatikiza ndi imene aliyense wochotsedwa ntchito amalandira, thandizolo linkatha kufika masabata 130. Panalinso kandalama kofunira ntchito kutali ndi kosamukira. Kwa a zaka 50 kapena kuposerapo, amene kubwerera m'kalasi kumawavuta, boma linkawonjezera theka la ndalama zimene ataya akapeza ntchito ya malipiro otsika, mpaka madola 10,000 pa zaka ziwiri.

Pa zonsezi, chimene ndimachiona chachikulu ndi ndalama ya sabata ija. Munthu wa ana atatu ndi ngongole ya nyumba sangakhale m'kalasi zaka ziwiri mumphika muli gwa. Popanda ndalamayo amathamangira ntchito iliyonse imene yapezeka, ndipo nthawi zambiri amakalambira pomwepo.

Kodi zinkathandizadi? Apa akatswiri amasiyana. Kafukufuku wa bungwe la Mathematica wa 2012 anapeza kuti patatha zaka zinayi, amene analowa m'ndondomekoyi anali atapeza ndalama zochepa poyerekeza ndi anzawo amene sanalowemo. Otsutsa TAA anaugwira mwamphamvu. Koma katswiri wa zachuma Benjamin Hyman anatsatira anthu kwa zaka khumi, n'kupeza kuti ophunzitsidwawo anaposa anzawo ndi madola pafupifupi 50,000 pa nthawi yonseyo. Ine sindiona kutsutsana kwenikweni. Wa kusukulu salandira malipiro, ndiye ukamuyeza msanga amaoneka wotsalira. Zipatso zimabwera mochedwa.

Njira imene Hyman anagwiritsa ntchito imaulula bala lenileni la ndondomekoyi. Anayerekeza magulu ofanana amene mapempho awo anagwera kwa ofufuza osiyana, ena ofewa, ena okhwima. Ndiye kuti tsogolo la banja linkatha kudalira tebulo limene pepala lafikira. Izi zimandipweteka. Ndipo khomo linali lopapatiza ngakhale kwa wofufuza wachifundo. Mayi wophika chakudya pafupi ndi geti la fakitale naye bizinesi imamuthera, koma sankawerengedwa. Wochotsedwa chifukwa kampani yagula makina atsopano nayenso ayi, chonsecho njala yake ndi yomweyo.

Kuchepa kwa TAA kunaonekera China italowa m'bungwe loona zamalonda pakati pa mayiko la WTO mu December 2001. M'chaka cha 2000 ntchito za m'mafakitale ku America zinali pafupifupi 17 miliyoni, pofika 2010 zinali zosakwana 12 miliyoni. Si zonse zinapita ku China, makina ndi kugwa kwa chuma kwa 2008 zinatengapo gawo lawo. Komabe akatswiri a zachuma David Autor, David Dorn ndi Gordon Hanson anasonyeza kuti m'madera a ku America amene katundu wa ku China anawagunda kwambiri, ndalama za boma zolipira olumala zinakwera kuposa za TAA. Anthu ambiri a misana yotopa sanaphunzitsidwe luso lina, anangochoka pa ntchito mpaka kalekale.

Ndikanafunsidwa, ndikanati khomo likulitsidwe, aliyense wotaya ntchito fakitale ikatsekedwa athandizidwe popanda kufunsa chimene chaitseka. Nyumba ya malamulo ya America inachita zina. Sinawonjezere nthawi ya lamuloli, ndipo pa 1 July 2022 unduna unasiya kuvomereza mapempho atsopano. Amene anali atavomerezedwa kale n'kuchotsedwa ntchito tsikulo lisanafike anapitiriza kulandira thandizo, koma mapempho amene anali pamzere anaimitsidwa asanayankhidwe.