Foni ndi fuliji zikawonongeka, wogula ali ndi ufulu wozikonzetsa

Munthu akagula foni, wailesi kapena fuliji ndi ndalama zake, amayembekezera kuti chikadzawonongeka adzapita nacho kwa mmisiri amene iye wasankha, kaya pa Chitakale, ku Luchenza kapena pamsika wa Limbuli. Maiko ena ayamba kulemba zimenezi m'malamulo monga ufulu wa wogula, chifukwa makampani ambiri akhala akutseka njira yokonzera katundu kudzera m'mapangidwe ake.

Ife okonza zipangizo zamagetsi timaliona vutoli tikangotsegula chinthu. Foni yakale munthu ankaitsegula ndi chikhadabo n'kusintha batire yekha, pamene zambiri za masiku ano n'zomatidwa ndi guluu, moti kuti mufike pa batire muyenera kuyamba mwaitenthetsa, ndipo galasi likhoza kusweka. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti makampani ena amalemba nambala ya batire kapena ya sikirini mu pulogalamu ya foniyo, kotero kuti mukaikamo ina, ngakhale yochokera m'foni ya mtundu womwewo, foniyo imaonetsa chenjezo kapena kusiya kugwira ntchito zina. Kwathu kuno, kumene zipangizo zosinthira zambiri timazichotsa m'mafoni akufa, mchitidwe umenewu umatimanga manja. Fuliji nayonso ili ndi lake: magetsi akabwera mwamphamvu atazima, kabolodi koyendetsa kompuresa (injini yoziziritsa fulijiyo) kamapsa, ndipo popanda kena kolowa m'malo mwake kapena chithunzi cha kayendedwe ka mawaya, banja limataya fuliji yonse yomwe mwina ikadagwira ntchito zaka zina zambiri.

Bungwe la European Union linalamula kuti kuyambira March 2021 opanga mafuliji, makina ochapira ndi mawailesi akanema azisunga zipangizo zosinthira kwa zaka 7 mpaka 10, malinga ndi mtundu wa katunduyo. Mu 2024 linakhazikitsanso lamulo lakuti wogula amene wasankha kukonzetsa katundu m'malo mosinthitsa awonjezeredwe miyezi 12 pa galanti. Dziko la France, kuyambira January 2021, limakakamiza ogulitsa katundu wina wamagetsi kuonetsa malikisi, pa 10, osonyeza ngati chinthu chili chosavuta kukonza. Ku America, chigawo cha Oregon chinaletsa mu 2024 mchitidwe wa manambala uja.

Malamulowa sagwira ntchito m'Malawi, koma akhoza kutipindulira, popeza zipangizo zikamapangidwira msika wa ku Ulaya zina zimafika ndithu m'masitolo a ku Limbe. Komabe sitingadalire mwayi wokhawo. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, wothyola tiyi wa ku Thyolo sangangogula foni ina batire ikafufuma, ndipo ine ndikuona kuti oitanitsa katundu wamagetsi ayenera kukakamizidwa kubweretsa zipangizo zosinthira pamodzi ndi katundu wawoyo.

Pakadali pano, musanalipire funsani wogulitsa ngati zipangizo zosinthira zimapezeka komanso kumene zimapezeka, ndipo sungani lisiti ndi pepala la galanti. Chinthu chikawonongeka galanti isanathe, musachitsegulitse kwa mmisiri musanachibweze kumene munagula, chifukwa ogulitsa ambiri amakana katundu wotsegulidwa. Akakana kukuthandizani popanda chifukwa chomveka, lamulo loteteza ogula la 2003 lilipo, ndipo dandaulo lanu mukhoza kulipereka ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission.