Oyilo akada sindiye kuti watha ntchito

Pamasiteji a Ntcheu ndi Lizulu madalaivala ambiri amasolola kachitsulo koyezera oyilo, kupaka pachala, akaona kuti wada bii n'kuthamangira kugalaja. Kuda kumeneko sikutanthauza kuti oyilo watha. Muoyilo amaikamo mankhwala otsuka injini, amene amanyamula mwaye kuti usakakamire pazitsulo. Mu injini ya dizilo oyilo amada patangopita masiku ochepa, mphamvu zake zikadali zonse.

Chokuuzani nthawi yosintha ndi buku la galimoto, mtunda umene mwayenda komanso msewu wake. Galimoto yoyenda mu M1 kuchoka ku Dedza kupita ku Lilongwe ingathe kufika makilomita 10,000 oyilo asanasinthidwe ngati buku lake likutero. Koma Sienta yonyamula anthu ndi matumba a mbatata m'misewu yafumbi ya ku Tsangano, kuimaima paliponse, isapitirire 5,000, ndipo fyuluta isinthidwe nthawi yomweyo. Ngakhale galimoto yongokhala pakhomo, chaka chisathe oyilo ali yemweyo, chifukwa chinyezi chimalowamo.

Nanga synthetic, oyilo wopangidwa mwapadera uja amene amadula kuposa wamba? Ine ndimati ndalama yake siyopita pachabe. M'mawa wa mu Juni ku Dedza, kukazizira, amayenda msanga kukafika pazitsulo zonse pomwe oyilo wamba akadali wolimba, ndipo sawonongeka msanga injini ikatentha pokwera Khwekhwerere. Zoti amaboola injini yakale si zoona: akadontha, ndiye kuti masilo, timphira totchinga oyilo kuti asatuluke, anali atatha kale. Chachikulu, gulani oyilo wa nambala yolembedwa m'buku, yosonyeza kulimba kwake, monga 5W-30.