Baibulo la mu foni ndi pa laputopu, zaulere zilipo zambiri koma dziwani chimene mukutenga

Ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndiye abusa, alaliki, akulu a mpingo ngakhale amayi otsogolera maphunziro a m'milaga amandipeza kawirikawiri ndi pempho limodzimodzi, akuti tiikireniko Baibulo umu. Funso langa loyamba limakhala loti mukufuna lowerenga kapena lophunzirira, ndipo ambiri amadabwa chifukwa amaona ngati ndi chinthu chimodzi. Si chimodzi ayi. Pulogalamu yowerengera imakupatsani vesi msanga mlaliki akati titsegule Aroma 8, basi ntchito yake yathera pompo. Yophunzirira ndi ija imakulolani kuika ma Baibulo atatu pambali ndi pambali, kufufuza paliponse pamene liwu lina likupezeka, kuona mavesi ogwirizana, kuwerenga ndemanga za akatswiri ndi kulemba manotsi anu a ulaliki momwemo. Zonse ziwiri zilipo zaulere, ndipo zaulere zenizeni osati zija amati ulere kenako pakutha kwa mwezi akufuna ndalama.

Kumbali yowerenga sindichedwapo chifukwa ambiri muli nayo kale YouVersion, ija imangolembedwa kuti Bible App. Inapangidwa ndi mpingo wa Life.Church wa ku Oklahoma ku America ndipo inatuluka mu 2008. Kwa ife ubwino wake ndi woti Chichewa chilimo, mupeza Buku Lopatulika, Buku Loyera komanso Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero. Chimene anthu amalakwitsa ndi choti amangoika app osapanga dawunilodi Baibulo lenilenilo, ndiye kunyumba bandulo ilipo zonse zikuyenda bwinobwino, kufika mu tchalitchi netiweki palibe kapena data yatha, chinthu chikungozungulira mlaliki mpaka wafika pa vesi lina. Tsegulani akaunti, ndi yaulere, sankhani Baibulo lanu mudine kachizindikiro ka dawunilodi pambali pake, likatero lakhazikika mu foni. Mawu olembedwa sadya data yambiri, chimene chimamaliza bandulo ndi Baibulo lomvetsera, ndiye ngati agogo kunyumba amakonda kumvera pezani pamalo pa WiFi.

Chenjezo limodzi pano. Mukalemba Chichewa Bible pa Play Store zimatuluka zambirimbiri, zina zopangidwa ndi anthu amene sadziwa n'komwe Chichewa, anangokopera mawu penapake n'kudzazamo zotsatsa malonda kuti apeze ndalama. Ndaonapo ina mutu wathunthu unasowa, ina zilembo zinasokonekera, komanso tangoganizani mukuwerenga Masalimo pamaliro kenako foni n'kuyamba kuimba zotsatsa masewera. Yang'anani amene anaitulutsa, ndipo mkati muone ngati alemba mwini wake wa Baibulolo, monga Bible Society of Malawi kapena Biblica. Ngati palibe dzina lililonse ichotseni.

Tsopano zophunzirira, kumene kuli nkhani yeniyeni. Pa laputopu ya Windows yotchuka kwambiri ndi e-Sword, anailemba Rick Meyers ndipo yakhalapo kuyambira chaka cha 2000. Ya pa Windows ndi yaulere, koma ya pa iPhone, iPad ndi Mac imagulitsidwa, ndiye musadabwe. Ina ndi theWord ya Costas Stergiou wa ku Greece, iyi ndimaikonda pa chifukwa chimodzi, imatheka kuikidwa pa fulashi n'kumayenda nayo m'thumba, wophunzira za ubusa amene alibe laputopu yake amangobaya fulashi pa kompyuta ya kusukulu kapena ya mnzake, mabuku ake ndi manotsi ake onse ali momwemo. Palinso STEP Bible imene inayambira ku Tyndale House ku Cambridge, anaipanga poganizira abusa a kumadera kumene mabuku ndi intaneti n'zovuta, imagwira pa webusaiti komanso mukhoza kuipanga dawunilodi kuti izigwira popanda intaneti. Pa foni ya Android, yomwe ndi imene ambirife tili nayo, ine ndimaika AndBible. Ilibe zotsatsa malonda, imapangidwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo imagwiritsa ntchito mabuku a SWORD Project a bungwe la CrossWire Bible Society, omwewonso amagwira mu Xiphos ndi BibleTime kwa inu a Linux. Poyamba AndBible imaoneka yosokoneza pang'ono, timawindo tambiri, koma mukaizolowera mudzaona kuti ikuchita pafupifupi zonse za pa laputopu.

Ndikuonetseni mmene zimathandizira. Tinene kuti Lamulungu likubwerali mwapatsidwa kulalikira pa Marko 4:35-41, Yesu akuletsa namondwe pa nyanja. Mu Baibulo la pamanja muwerenga ndime yanuyo basi. Mu e-Sword kapena AndBible mukadina vesi, pambali pamabwera mavesi ogwirizana nalo, ambiri amachokera mu buku lakale lotchedwa Treasury of Scripture Knowledge, ndiye nthawi yomweyo mwaona kuti nkhani yomweyi ili pa Mateyu 8:23-27 ndi pa Luka 8:22-25. Tsegulani zitatuzo pamodzi muwerenge mofatsa. Mupeza kuti Marko yekha ndi amene akunena za mtsamiro umene Yesu anagonera kumbuyo kwa ngalawa, yekhanso ndi amene akutchula kuti panali ngalawa zina, ndipo kwa Marko ophunzira aja akulankhula mokalipa, kumufunsa ngati sakusamala kuti akufa, pamene kwa Mateyu akupempha kuti awapulumutse. Kenako mavesi ogwirizana aja akutengerani ku Masalimo 107 kumene Mulungu akutontholetsa mafunde anthu a m'zombo atafuulira kwa iye, mwinanso mukumbukira Yona amene naye anagona tulo chombo chikufuna kusweka. Apa ulaliki wayamba kuoneka mutu ndi miyendo musanatsegule ndemanga ya munthu aliyense, ndipo zakutengerani mphindi zochepa chabe, ntchito imene abusa akale ankachezera nayo usiku ndi nyali ya parafini.

Koma kufufuza mawu mu Chichewa kuli ndi vuto lake limene opanga mapulogalamuwa sanaliganizire, chifukwa iwo ankaganiza za Chingerezi. Mneni wathu amasintha kumutu ndi kumchira, anakonda, ndimakonda, okondedwa, kondanani, ndiye mukalemba kukonda kompyuta ikupatsani malo okhawo amene palembedwa kukonda ndendende, ena onse yawadumpha, inu n'kumaganiza kuti Baibulo silinena zambiri pa nkhaniyi. Mu e-Sword muli kabokosi kolembedwa partial match, chongani pamenepo n'kulemba tsinde lokha, kond, muona kusiyana kwake. Chachiwiri ndi kalembedwe. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922 ndipo makope akale amalemba cikondi, cifukwa, mau, ace, pomwe makope atsopano anakonza kalembedwe, ndiye ngati mwafufuza chikondi n'kupeza ziro musafulumire kunena kuti pulogalamu yafa, yesani kuchotsa h. Chimodzimodzi dzina la Mulungu, Buku Lopatulika limati Yehova pomwe Buku Loyera la 1998 limati Chauta, mufufuze molingana ndi Baibulo limene mwatsegula. Mu AndBible kufufuza sikuyamba mpaka pulogalamu ipange kaye index, mndandanda wa mawu onse a mu Baibulolo, imakufunsani koyamba kokha, ivomereni mudikire pang'ono.

Funso limene anthu ochenjera amafunsa ndi loti nanga zonsezi zikhala bwanji zaulere, pali chinyengo chanji. Chinyengo palibe, koma pali chifukwa chimene muyenera kuchidziwa. Mabuku ambiri amene amabwera ulere ndi akale kwambiri moti umwini wake unatha, aliyense akhoza kuwagawa. Baibulo la Chingerezi la King James ndi la 1611. Ndemanga ya Matthew Henry inalembedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, mwini wake anamwalira mu 1714 atafika pa Machitidwe, mabuku otsalawo anamalizitsa ndi abusa anzake. Concordance ya James Strong, buku losonyeza mavesi amene liwu lililonse likupezeka, ndi ya 1890. Zatsopano monga Baibulo la Chingerezi la NIV mu e-Sword zimagulidwa. Ndiye mbusa wa ku Mchinji akadzaza laputopu yake ndi zaulere zokhazokha, laibulale yake imakhala ya azungu a ku England ndi America amene anamwalira kalekale. Sindikuti ndi oipa, Matthew Henry ali ndi nzeru zakuya ndipo ndimamuwerenga. Koma zili ngati jekete ya pa kaunjika, nsalu yolimba ndithu koma anasokera munthu wina wa dziko lozizira, uyenera kuyesa kaye usanatuluke nayo panja. Mafunso amene anthu athu amabwera nawo kwa abusa, za ufiti, mizimu ya makolo, mitala, kulowa kufa, kulanda chuma cha amasiye, Henry sankalembera anthu okhala ndi mafunso amenewo. Buku limene linalembedwa ndi akatswiri a kuno ku Africa, Africa Bible Commentary ya 2006 imene mkonzi wake wamkulu anali Tokunboh Adeyemo, ndi logula, ndipo ine ndimati ngati mpingo uli ndi kandalama kogulira abusa buku limodzi ugule limenelo, zinazo tidzaika zaulere.

Komanso Chingerezi cha King James n'chovuta ngakhale kwa eni ake, thee, thou, zonsezo. Simukukakamizidwa kukhala nacho chokha. World English Bible ndi yaulere kotheratu, Berean Standard Bible nayo eni ake anaimasula mu 2023 kuti aliyense agwiritse ntchito, ziwirizi n'zosavuta kumva. King James isungeni chifukwa cha manambala a Strong.

Manambala amenewa ndiwafotokoze pang'ono poti ndi amene amasokoneza anthu. Strong anapatsa nambala liwu lililonse la Chiheberi ndi la Chigiriki la mu Baibulo, a Chiheberi amayamba ndi H, a Chigiriki ndi G. Mukatsegula KJV+, King James yokhala ndi manambalawa, mu e-Sword muona timanambala pambali pa mawu, mukadina kamodzi kakuonetsani liwu la chilankhulo choyambirira ndi matanthauzo ake. Phindu lake lenileni ndi loti mukhoza kufufuza nambalayo n'kuona malo onse amene liwu lomwelo lagwiritsidwa ntchito, ngakhale omasulira analimasulira mosiyanasiyana. Vuto ndi loti ena amatsegula, n'kupeza matanthauzo asanu, n'kusankha limene lawasangalatsa, Lamulungu n'kuima pa guwa kuti mu Chigiriki liwu ili limatanthauza chakuti, omasulira Baibulo lathu analakwitsa. Abale, anthu amene anamasulira ma Baibulo athu anakhala pa ntchitoyo zaka zambirimbiri, ndipo liwu limatenga tanthauzo kuchokera mu chiganizo chimene lilimo, sungasenze matanthauzo onse asanu n'kuwakhuthulira pa vesi limodzi. Kudina nambala si kudziwa Chigiriki. Mukaona kuti zomwe mwatulukira sizikupezeka mu Baibulo lililonse mwa anayi amene mwatsegula, kayikirani zomwe mwatulukirazo.

Nanga Chichewa mu mapulogalamu ophunzirirawa? Apa zinthu sizinafike pomwe tingafune, ma Baibulo athu ali ndi eni ake ndipo sangangoikidwa paliponse popanda chilolezo. Chosangalatsa n'choti Biblica inamasula Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero pa chilolezo cha Creative Commons, cholola anthu kuligawa ulere, ndipo limapezeka pa eBible.org, kumene AndBible imatenganso ma Baibulo ake ena. Ndiye pa foni mukhoza kuika Chichewa pamwamba, Chingerezi chokhala ndi manambala a Strong pansi, ziwirizo n'kumayendera limodzi mukamasuntha. Ena amangotsegula Buku Lopatulika la pamanja patebulo laputopu ili pambali, nazonso zimagwira bwino, mwinanso kuposa.

Za mafayilo amene amayenda pa WhatsApp ndi pa mafulashi, oti NIV yotsegula kale, pulogalamu ya Logos yonse ndi mabuku ake ogula ulere, ine sindiika. China n'choti ndi kuba ndithu ngakhale chobedwacho chili Baibulo, chinanso n'choti malaputopu ambiri a abusa amene ndawakonzapo ma virus analowera mmenemo. Tengani pulogalamu pa webusaiti ya eni ake kapena pa Play Store, ngati bandulo ndi yovuta munthu mmodzi apange dawunilodi fayilo yoikira e-Sword kapena theWord kuchokera kwa eni ake n'kugawira anzake pa fulashi yoyera.

Foni ikakhala ya malo ochepa musadzazemo chilichonse chimene mwaona pa mndandanda, ma Baibulo a Chirasha ndi Chilatini muwatani. Awiri a Chichewa, awiri a Chingerezi, Strong, mavesi ogwirizana aja ndi ndemanga imodzi, zakwana. Ndipo manotsi anu muziwasunga kwina, foni zimabedwa mu minibasi, malaputopu amafa magetsi akabwera mwamphamvu. AndBible ili ndi backup mu menyu yake, imakupangirani fayilo imene mukhoza kudzitumizira nokha pa imelo, ndipo e-Sword imasunga manotsi mu foda yake ya mu Documents, imeneyo muziikopera pa fulashi mwezi ndi mwezi. Mabuku aja tikhoza kuikanso tsiku lililonse, koma maulaliki a zaka zisanu amene munalemba nokha palibe webusaiti imene tingakawatengeko.