Madzi m'machubu a chiberekero: zoyenera kudziwa musanasankhe thandizo

Amayi ena akachoka kojambulitsa amapeza mawu achilendo m'buku lawo la kuchipatala: hydrosalpinx. Tanthauzo lake n'lakuti chubu chomwe dzira limadutsamo popita m'chiberekero chatsekeka kumapeto, madzi n'kumaunjikana m'kati mpaka chafufuma ngati chubu cha njinga chopopedwa. Machubu alipo awiri, kumanja ndi kumanzere, ndipo m'menemo ndi momwe umuna umakumanirana ndi dzira. Njira ikatsekeka, ziwirizi sizikumana.

Nthawi zambiri gwero lake ndi matenda omwe anadutsa kalekale n'kusiya zipsera. Chinzonono ndi chlamydia, matenda opatsirana pogonana, ndiwo amatsogola, ndipo chlamydia ndi woopsa chifukwa amayi ambiri samva kalikonse pamene akuwononga. Matenda olowa m'chiberekero mayi akapita padera, akachotsa pakati m'njira zosatetezeka kapena akangobereka kumene nawonso amachititsa, chimodzimodzi TB ya m'njira zoberekera, endometriosis (vuto lomwe minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake) ndi opaleshoni ya m'mimba. Inu amene munakulira kunyanja, monga ku Salima, muwauze adokotala ngati munadwalapo likodzo, pakuti nalo limafika m'njira zoberekera. Ena amamva kuwawa m'chinena kapena kutuluka chikazi chamadzimadzi mwa apo ndi apo. Ambiri amangozindikira poona kuti pakati sipakubwera.

Ngati mwakhala chaka chathunthu mukugonana osalera koma osaima, pitani kuchipatala. Ngati mwakwanitsa zaka 35, musadikire chaka, miyezi 6 yakwana. Ngati muli ku Lilongwe, yambirani pa chipatala chapafupi, kaya ku Kawale, ku Area 18 kapena ku Area 25, kuti akutumizeni kwa madokotala a matenda a amayi ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. Mupite awiri. Zimandiwawa kuona mayi ali yekha pamzere, atanyamula mapepala a zaka zitatu m'jumbo, pamene bambo sanayezetsepo umuna n'kamodzi komwe. Kuyeza umuna n'kosavuta kuposa zonse zimene mayi amapirira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti munthu wamkulu mmodzi mwa 6 aliwonse amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake, ndipo ndi amuna ndi akazi omwe.

Sikani imatha kuonetsa chubu chofufuma. Kuyeza kwina ndi HSG: amalowetsa mankhwala amadzi pa khomo la chiberekero n'kujambula ndi X-ray kuti aone ngati akudutsa m'machubu. Amachita msambo utangotha, ndipo mumamva kupotokola ngati kwa msambo kwa kanthawi.

Tsono thandizo. Mankhwala opha tizilombo amachiza matenda ngati akadalipo, ndipo bambo ayenera kumwa nawo, apo ayi mupatsirananso. Koma chipsera sichichoka ndi mapiritsi. Sichichokanso ndi mankhwala a zitsamba omwe amati "otsuka chiberekero". Ndalama zimatha, zaka zimapita, chubu chili chitsekekere.

Njira yoyamba ndi opaleshoni yotsegula kumapeto kwa chubu kuti madzi atuluke. Imathandiza pamene chubu changowonongeka pang'ono ndipo mayi akadali wachitsikana. Vuto n'lakuti m'kati mwa chubu muli titsitsi ting'onoting'ono tomwe timakankha dzira, ndipo madzi akakhalitsa timafa. Chubu chotere ngakhale chitatseguka sichigwira bwino ntchito, chikhoza kutsekekanso, ndipo pakati pakhoza kukhala m'chubumo m'malo mwa m'chiberekero.

Njira yachiwiri imadabwitsa ambiri: kuchotsa chubu chowonongekacho, kapena kuchimanga pafupi ndi chiberekero. Mayi amafunsa kuti, "Adokotala, ine ndikufuna mwana, nanga mukundichotseranji chubu?" Funso labwino. Madzi a m'chubu chija sakhala malo amodzi. Amatsikira m'chiberekero, n'kusokoneza malo omwe dzira lokumana ndi umuna liyenera kukhazikika. Choncho ngati chowonongeka ndi chimodzi, china chili bwinobwino, kuchotsa choipacho kumapatsa mpata chabwinocho, ndipo amayi ena amaima popanda thandizo lina.

Machubu onse awiri akawonongeka kwambiri, chotsala ndi IVF. Madokotala amatenga mazira m'thupi la mayi, kuwakumanitsa ndi umuna mu labotale, n'kubwezera m'chiberekero, osadutsa m'chubu. Mwana woyamba kubadwa m'njira imeneyi, Louise Brown, anabadwa ku England mu 1978, ndipo mayi ake anali ndi vuto lomweli la machubu otsekeka. Koma apanso madzi aja amasokoneza: mwayi wa IVF umatsika pafupifupi ndi theka ngati chubu chamadzi chasiyidwa, n'chifukwa chake madokotala amayamba achichotsa kapena kuchimanga. IVF ndi yodula zedi, siigwira nthawi zonse paulendo woyamba, ndipo mabanja ena amakaifuna ku South Africa kapena ku India. Musanagulitse puloti, funsani mwayi wanu malinga ndi zaka zanu.

Pano ndiye ndikupempheni kuti musafulumire kusaina. Machubu onse awiri akachotsedwa sabwezeretsedwa, ndipo pakati pachibadwa sipangathekenso. Msambo muzionabe, chifukwa mathumba a mazira ndi chiberekero zimatsala, koma njira yokhala ndi mwana imakhala IVF yokha. Funsani kuti chowonongeka ndi chimodzi kapena zonse, chawonongeka motani, ndipo akachotsa chotsatira n'chiyani. Ndi ufulu wanu kumva maganizo a dokotala wachiwiri.

Kwa aliyense amene ali ndi vuto la machubu, kaya anachitidwa opaleshoni kaya ayi: mukangodumphitsa msambo, yezetsani pakati ndipo mukajambulitse msanga kuti aone pomwe pakhala. Mukamva kuwawa kwambiri mbali imodzi ya m'chinena, kutaya magazi, chizungulire kapena kupweteka paphewa, pakati pakhoza kukhala kuti pakhala m'chubu ndipo chubucho chikuphulika. Musadikire kuti kuche, pezani galimoto muthamangire ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central.